Chikopa cha Mandazi

Ine makina anga osokera ali pakhonde limodzi ndi baraka ya Neide, mmene amakonzeramo mafoni mumsika wa ku Insaca, ndiye nkhani za anthu ake zimandilowa m'khutu ndisanazipemphe. Tsiku limenelo anatulukira Che Bwanausi a kunyanja ya Chiuta, fumbi mpaka m'ndevu, atanyamula kampango koyera ndi manja awiri ngati muli khanda.

Anakamasula patebulo. Munali kachoseweretsa kaja ka ana, kozungulira ngati dzira la bakha, kokhala ndi kagalasi ndi mabatani atatu. M'kagalasimo mumakhala kanyama koti uzikadyetsa, kukasambitsa ndi kukagoneka. Ukakataya, kamafa.

"Kafa," anatero Che Bwanausi.

Neide anakanyamula, n'kudina mabatani onse atatu, n'kuyang'anitsitsa kagalasi.

"Pilya ndi yabwino, moto ulimo. Galasi silinasweke. Kakugwira ntchito."

"Ndati kafa."

"Kam'kati ndiye kafa. Kakunja kali bwinobwino."

"Chimene anaikiza kwa ine ndi kam'kati."

Apa ndikuuzeni za anthu awiriwa, mungadzati ndikuthira mchere. Neide ndi mkazi wanzeru zake, foni yogwera m'chitsime amaidzutsa, koma Mulungu anamupatsa makutu omva mawu okhawo amene wanena, osapitirira ndi pang'ono pomwe. Ukamufunsa ngati akudziwa kumene kuli chigayo, amati eya, n'kupitiriza ntchito yake. Che Bwanausi nawo makani awo ndi odziwika kuyambira ku Chiuta mpaka ku Amaramba. Akanena kuti lero mvula sigwa, imachita kuwavumbwa mpaka kumsana iwo akunenabe kuti ndi mame.

Kachoseweretsako kanali ka mdzukulu wawo Zakiya, mwana wa mwana wawo Rahma. Mwanayo anakulira pamiyendo pawo, mpaka mayi ake atamutenga kuti akaphunzire ku Cuamba, kumene aphunzitsi salola zoseweretsa zolira. Pokwera chapa, ndiye minibasi kwathu kuno, anawaika kachinthuko m'manja n'kunena kuti, "Anganga, uyu ndi Mandazi, ndaikiza kwa inu, ndidzamutenga pa feriyasi, sukulu ikatsekera." Sukulu inatsekera koyamba, mwana sanabwere. Tsopano inali itatsekeranso, Zakiya amafika tsiku lomwelo pa chapa ya masana, ndipo Mandazi anali atatsikira kulichete dzulo lake.

Tsono kwathu kuno kuikiza si masewera. Munthu akaikiza mbuzi kwa iwe, n'kufera m'manja mwako, umaisenda, chikopa n'kuyanika makutu ali pomwepo, kuti mwini wake akabwera aone chizindikiro chake, akhulupirire kuti inafadi. Chikopa chikakhalapo palibe mlandu. Chikasowa ndiye kuti unadya kapena unagulitsa, ndipo mwini wake sadzakuyang'ananso ngati kale. Ichi ndi chimene chinawapalasitsa njinga Che Bwanausi mtunda wonsewo: sankafuna kuti Zakiya atsike chapa n'kuwayang'ana ngati wakuba.

"Usende," anatero. "Makutu akhale pomwepo."

"Kalibe chikopa."

"Chilichonse chodya chili ndi chikopa."

"Aka kalibe."

"Wayang'ana bwino?"

Neide anawatembenuzira kagalasi. Munkangooneka kamulu ka dothi ndi kamwala pamwamba pake. Che Bwanausi anati zimenezo anaziona kale dzulo, ndipo ndi zimene zinawasowetsa tulo. Iwo anangotembenuka pang'ono kuti apachike ukonde, pobwera anapeza wina wakwirira kale. Ankafuna adziwe kuti munthu wopanda mwamboyo ndi ndani, wokwirira chiweto cha eni osachisenda.

"Kamadzikwirira kokha," anatero Neide.

"Chakufa sichigwira khasu."

"Aka kamagwira."

"Ndiye fukula."

"Palibe batani lofukulira. Ili ndi losankha, ili ndi lovomera, ili ndi lobwerera."

"Dina lobwereralo."

Neide anadina. Kamwala kanali pomwepo.

"Labwerera," anatero.

"Labwerera kuti?"

"Pamanda pomwepo."

Ine apa ndinaweramira pa siketi imene ndinkasoka, chifukwa kuseka mkulu pamaso ndi mwano, koma mapewa anga ankandiulula.

Che Bwanausi anati ngati pakhomo palibe njira, alowere kuseri. Anamulamula atsegule kachinthuko kuti mtembo auone ndi maso awo. Neide sanatsutse. Anatenga kachitsulo kake, n'kumasula timisomali ta kumbuyo, n'kuwaonetsa: kapilya, ndiye kabatire kophwatalala, ndi kathabwa kobiriwira, basi. Mkuluyo anaika diso pafupi, anatembenuzira kudzuwa, mpaka ananunkhiza.

"Kali kuti?"

"Mulibe."

"Nanga ine miyezi yonseyi ndimadyetsa chiyani?"

"Timadontho."

"Timadontho timalira njala?"

"Iti timalira."

"Timasiya zitosi zoti munthu wamkulu ngati ine ndizisesa?"

"Timasiya."

"Ukatikalipira timakwiya?"

"Timakwiya."

"Ndiye ndi chiweto."

"Ndi timadontho."

Anayang'anizana. Neide anamanganso timisomali take, n'kunena kuti njira ilipo, yosavuta. Kumbuyoko kuli kaboo. Ukalasamo singano, manda amafufutika, pamabwera dzira latsopano, ndipo chapa isanafike likhala litaswa kale. Kanyama kake kadzakhala chimodzimodzi, mwana sadzadziwa kanthu. Atatero anatambasulira dzanja kwa ine kuti ndimubwereke singano, ine n'kumupatsa, poganiza kuti nkhani yatha.

Abale inu, ndinalakwa. Che Bwanausi anavula kofia n'kuvindikira kachoseweretsako ngati akuphimba mwanapiye kuti mphamba asamuone.

Anayamba ija ya mbuzi ya malemu Latifu. Nkhani imeneyi tonse a kuno tinaimva mpaka tingathe kuinena m'tulo, koma palibe amene amawadula. Nthawi ya nkhondo, anthu akuthawira ku Malawi, mnansi wawo Latifu anali ataikiza kwa iwo mbuzi yaikazi. Ena ankanyamula mphasa ndi miphika, iwo ananyamula mbuzi ya eni, ataimanga kukamwa ndi nsalu kuti isalire m'bwato. Inakafera kutsidyako. Ana awo ankagona ndi njala, koma chikopa anachisunga kudenga zaka zonse zija, ndipo mtendere utabwera anabwerera nacho. Anapeza Latifu anamwalira, n'kukachipereka kwa mwana wake pamodzi ndi timbuzi timene inasiya. Anamufunsa Neide ngati bambo ake, a Samueli, amene anali nawo kutsidyako, sanamuuzepo zimenezi. Neide anati anamuuza. Anamufunsa ngati munthu wotereyo angasinthanitse chiweto chakufa ndi china chofanana nacho, mwini wake asakudziwa, monga amachitira akuba a mbuzi. Neide anati sakudziwa, chifukwa sanawaonepo akuyesa.

"Katsopanoko kadzandidziwa ine?"

"Ayi."

"Kadzadziwa kuti kamadya ndikachoka kopemphera m'bandakucha?"

"Ayi."

"Ndiye wati chimodzimodzi bwanji?"

"Timadontho take ndi tomweto."

"Iwenso maso ako ndi a bambo ako. Ndiwe Samueli?"

Neide anaganiza kaye, ndithu anaganiza.

"Ayi," anatero, n'kundibwezera singano.

Dzuwa linali litakwera. Anthu a nsomba anali atayamba kutsitsa madengu panjinga, ndipo aliyense wodutsa ankachedwa dala pakhonde pathu. Che Bwanausi anaona kuti chikopa chavuta, n'kusintha njira. Anati pamwambo, chikopa chikadyedwa ndi agalu, mboni imakwanira. Neide atseke baraka, apite nawo pokwerera chapa, akanene pamaso pa mwana kuti anganga ake sanadye Mandazi.

"Sindinganene zimenezo."

"Chifukwa?"

"Sindinalipo."

"Koma wanena wekha kuti ndi timadontho. Timadontho timadyeka?"

"Sitidyeka."

"Ndiye ukanene."

"Ndikanena kuti sikadyeka. Sindikanena kuti simunakadye."

"Zikusiyana pati?"

"China ndikuchidziwa. China sindinaone."

"Ukuganiza kuti ndinakadya?"

"Sindikuganiza kanthu."

"Iwe wosoka," anatembenukira kwa ine, "wamva? Mwana wa Samueli akuti ndinadya chiweto cha mdzukulu wanga."

Ndinayesa kuzimitsa moto, ndinati Neide sananene choncho. Neide anavomereza kuti sananene choncho, koma anawonjezera kuti sananenenso kuti sanadye. Mtsikana ameneyu ukamuponyera chingwe ali m'dzenje, amayamba wafunsa kuti chingwecho ndi cha ndani.

Mkuluyo anapsa mtima. Anati ngati akatswiri a mumsika alephera, asenda yekha, si lero wayamba kusenda. Dzanja lawo linalunjika pa sizasi yanga, ine n'kuikhalira. Neide anawauza mosakweza mawu kuti akalasa kagalasi ndi chitsulo, Zakiya apeza chikopa palibe, manda palibe, kachoseweretsa palibe. Kenako anakanda pakona ya kagalasiko ndi chikhadabo, n'kumatula kapulasitiki kopyapyala kamene amamata kufakitale kuti galasi lisakalike.

"Chosendeka ndi ichi chokha," anatero.

Che Bwanausi anakalandira ndi zala ziwiri. Anakayang'ana kudzuwa. Nkhope yawo inayamba kumasuka.

"Chauma kale."

"Ndi pulasitiki."

"Makutu ali kuti?"

"Palibe."

"Wosoka, tulutsa sizasi ija. Dula apa ndi apa, pakhale timakutu tiwiri."

Ine ndinali nditadzuka kale pa sizasi, chifukwa kunena zoona ndinawamvera chisoni, ndipo timakutu tiwiri si ntchito. Koma ndisanadule anabweza dzanja. Anakayang'ananso kapulasitikiko, n'kukasiya patebulo pang'onopang'ono.

"Ayi. Makutu ochita kudula ndi bodza. Mwana ameneyu sindinamunamizepo."

Anakhala pansi pa bokosi la zakumwa limene Neide amakhazikapo anthu odikira mafoni. Makani onse anali atawathera, ndipo apa ndi pamene ndinaona kuti munthuyu wakalamba. Ankangomanga ndi kumasula kampango kaja.

Anayamba kulankhula, osayang'ana aliyense. Anati poyamba ankachita nako manyazi. Akazi awo ankawaseka kuti nkhalamba yapeza mwana wa kuukalamba. Anzawo a padoko ankawafunsa kuti chimabiba liti kuti adzatengeko manyowa. Koma anazolowera. Ankakakulunga m'kajumbo n'kukaika m'kofia polowa m'bwato, kakalira ankasiya nkhafi n'kukadyetsa. Anasiya kupita kutali kumene kuli nsomba zazikulu, poopa mafunde. Kakadwala ankakabaya jekeseni ndi batani lapakati, monga Zakiya anawaphunzitsira. Madzulo ankakauza zimene zachitika pamudzi, chifukwa pakhomo panalibenso mwana wofunsa mafunso.

Neide ankamvetsera akupukuta foni ya munthu wina. Ine makina ndinali nditaimitsa.

Kenako anafika pamene panali chilonda. Anati Lachisanu lapitali anapita kumzikiti. Chiweto sichilowa mumzikiti, aliyense amadziwa, ndiye monga mwa masiku onse anakasiya pakhomo pa mzikitiwo, m'kati mwa nsapato yawo. Pemphero lili pakati anakamva kakulira kunjako. Kanalira, kanalira. Iwo anali pamzere wakutsogolo, sakanatha kudumpha anthu ogwada kuti akadyetse Mandazi. Potuluka anapeza kagona chafufumimba, dzuwa likuomba pansapato. Anakadyetsa, kanadya, koma kuyambira tsiku limenelo sikanadumphenso ngati kale. Ndiye ngati palibe chikopa, palibe mboni, iwo akauza mwana chilungamo: kuti anganga ake anamva chiweto chake chikulira, n'kukhala osatuluka.

Kumsewu kunamveka hutala. Inali chapa ya ku Cuamba, yodzaza mpaka padenga, ikukhotera pokwerera paja. Che Bwanausi anaimirira, mawondo n'kulira. Anatenga kachoseweretsa, n'kuyamba kukakulunga.

"Ungondiuza chimodzi, mwana wa Samueli, ndipo usandinyengerere."

"Sindinyengerera."

"Ndikudziwa. Lachisanu lija ndi limene linakapha?"

"Ayi."

"Dzuwa lija?"

"Ayi."

"Nanga chinakapha n'chiyani?"

"Ukalamba."

Mkuluyo anasiya mfundo ili theka.

Neide anatenganso kachinthuko, n'kudina batani losankha. Pamwamba pa kamwala paja panatuluka kanyenyezi. Anafotokoza ndi mawu omwe amauzira anthu kuti foni yadzaza moto. Kakafa ndi njala, pamatuluka mbale yopanda kanthu. Kakafa ndi matenda, pamatuluka jekeseni. Kanyenyezi kamatuluka kakakhala moyo mpaka pomalizira penipeni, pamene ngakhale amene anakapanga alibenso chakudya choti akapatse. Anati iye tinthu timeneti wagulitsa tambiri, ana amabwera nato kuti awalasire singano, koma kanyenyezi anali asanakaonepo. Ankangokadziwa pa chithunzi cha pabokosi.

"Wakaona liti kanyenyezika?"

"Mutangofika."

"Ndiye bwanji sunanene?"

"Munafunsa za chikopa."

Ine ndinayembekeza kuti denga la baraka liuluka. Koma Che Bwanausi sanakalipe. Anayang'ana kanyenyezi kaja nthawi yaitali, akupukuta galasi ndi chala chachikulu. Maso awo anali atanyowa, ndipo sanabise.

"Ndiye kanadya zakudya zake zonse."

"Zonse."

"Palibe chimene ndikanachita."

"Palibe."

"Mwini wake akanabwera pa feriyasi yoyamba ija, akanakapeza?"

"Akanakapeza kali moyo."

Anagwedeza mutu. Anamaliza kumanga mfundo, anavala kofia n'kuiwongola bwino, anakutumula fumbi m'ndevu. Msana umene unali utapindika pa bokosi paja unawongoka, ndipo ndinaona makani akubwerera mwa munthu ngati madzi obwerera m'dambo. Kutsidya kwa msewu anthu anali atayamba kutsika chapa, ndipo pakati pawo panali kamtsikana kovala mpango wobiriwira, kakuunguzaunguza.

Neide anawafunsa kuti nanga akaonetsa chiyani, popeza chikopa palibe, ndipo ngati akufunabe mboni, za kanyenyezizo angathe kukanena, chifukwa waziona. Anamuyankha kuti akhale, asunge baraka yake. Sakupitanso kukaonetsa kanthu kwa munthu. Mlandu ulipo ndithu, ndipo mlandu suwola, koma woyankha si iwo.

"Woyankha ndani?"

"Mwini wake, ndi mayi ake omwe. Munthu sasiya chinthu chokalamba kunyanja n'kumati ndidzachiona feriyasi inayo."

Anatsika pakhonde, kampango m'manja. Neide anasuzumira pawindo la baraka, chifukwa mawu olakwika samatha kuwasiya apite.

"Che Bwanausi, pamene ankakasiya sikanali kokalamba. Kanali kakhanda."

Mkuluyo sanatembenuke. Maso anali pa mpango wobiriwira uja.

"Iko kanali kakhanda, eya. Nanga ine?"